Ulendo wa awiri m'mbali mwa nyanja, kuchoka ku Mzuzu mpaka ku Cape Maclear: tithandizeni maganizo

Sienta_wa_Chibavi:
Akuluakulu a pa gulu lino, ine ndi mayi a kunyumba tikufuna kuyenda ulendo wa m'mbali mwa nyanja mu Julayi muno, kuchoka kuno ku Mzuzu kudzera ku Nkhata Bay, Nkhotakota, Salima mpaka ku Cape Maclear. Tchuthi ndi cha sabata imodzi. Galimoto ndi Toyota Sienta ya otomatiki, ana akutsala kwa agogo awo. Funso langa lili patatu: ulendowu tiugawe bwanji, galimoto tiikonze chiyani isananyamuke, nanga mafuta tiwerengere ochuluka bwanji? Amene mumaudziwa bwino msewu wa M5 tiuzeni zoona, osati zotisangalatsa.

DalaivalaM5:
Achimwene, choyamba chotsani m'mutu maganizo oti makilomita 500 amenewa muwamalize tsiku limodzi. Pa mapu zimaoneka ngati maola asanu ndi awiri, koma M5 si msewu wothamangira. Mukaphatikiza ma trading centre, milatho yopapatiza, anjinga ndi maenje, liwiro lenileni limagwera pa makilomita 50 pa ola.

Gawani motere. Mzuzu mpaka Chintheche ndi pafupifupi makilomita 90, tsiku loyamba muthere pamenepo kapena ku Kande. Chintheche mpaka Nkhotakota ndi cha m'ma 150, ndipo chigawo chimenechi ndi chomwe chimadya nthawi ndi matayala. Nkhotakota mpaka Salima cha m'ma 110, kuwonjezerapo makilomita 20 olowera ku Senga Bay. Salima mpaka Monkey Bay cha m'ma 140, kenako kamsewu kokhota ka makilomita 18 kolowera ku Cape Maclear, kamene kamapatuka musanalowe mu Monkey Bay. Ndiye kuti kugona ku Chintheche, ku Nkhotakota kapena Senga Bay, kenako Cape Maclear masiku awiri. Tsiku lililonse nyamukani isanakwane 7 koloko, mufike komwe mukugona isanakwane 3 koloko masana. Mu Julayi dzuwa limalowa cha m'ma hafu pasiti 5, ndipo mdima wa pa M5 si woseweretsa.

MtongaWaKande:
A DalaivalaM5 anena bwino za mitunda, koma pali chinthu chimodzi chimene anthu a ku Mzuzu sauzana. Msewu umenewu umatchedwa wa m'mbali mwa nyanja, koma nyanjayo simuiona nthawi zonse. Kuchoka pa mphambano ya Nkhata Bay mumalowa m'nkhalango ya mitengo ya labala ya ku Vizara, pomwe anyamata amagulitsa mipira ya labala m'mbali mwa msewu. Nyanja imayamba kuonekera bwino mukayandikira Chintheche, ndipo imakutsatani kudutsa Kande, Tukombo mpaka cha ku Dwambazi. Mukangowoloka kulowa m'boma la Nkhotakota, msewu umayamba kutalikira, mumangoona nzimbe ku Dwangwa, madambo a mpunga ndi minda ya chinangwa. Kuchoka Nkhotakota kupita ku Salima, kupatula pa Chia, nyanja mumaimva dzina lokha.

Ndiye ngati cholinga ndi kuona madzi, nthawi yambiri muiwonongere pakati pa Chintheche ndi Dwambazi. Kwinako ingodutsani.

Gorodi_20:
Ndiye bwanji osangolowera kumpoto? Nyanja yoona ndi maso uli pa chiwongolero ili pakati pa Chiweta ndi Karonga. Ukangotsika phiri la Chiweta madzi ali kudzanja lamanja, mapiri kumanzere, kudutsa Chitimba, Chilumba, Ngara. Mzuzu mpaka Karonga ndi makilomita pafupifupi 220 okha. Mafuta ochepa, zooneka zambiri: Livingstonia, mathithi a Manchewe, ndi mafupa a Malawisaurus, chinyama chachikulu chamakedzana, ku nyumba yosungira zakale ya ku Karonga. Kuvutikiranji ndi maenje a ku Dwangwa?

Mayi_a_Zolozolo:
A Gorodi, funso ndi la Cape Maclear. Munthu wafunsa njira ya ku chigayo inu mukumuuza ya ku dibi.

Gorodi_20:
Amama, ndangopereka maganizo. Koma ngati angasinthe mtima, Sienta asaikweze msewu wa Gorodi wochokera ku Chitimba. Makilomita 15 amiyala ndi makona 20 akuthwa, galimoto yotsika choncho ikasiya sampu m'njira. Ku Livingstonia adzere njira ya ku Rumphi.

MakanikiLuwinga:
Tibwerere ku galimoto. Bwana a Sienta, mupite nayo ku galaja kutatsala sabata imodzi, osati dzulo lake la ulendo. Chifukwa chake n'chakuti chilichonse chimene makaniki wagwira chimafunika chiyende masiku angapo m'tauni kuti ngati pali nati yomwe sanamange bwino kapena paipi yomwe ikudontha, zionekere muli pafupi.

Yambani ndi mabuleki, chifukwa mayeso oyamba ali pakhomo pomwe. Mzuzu ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,250, nyanja ili pa mamita osakwana 480. Mamita oposa 700 amenewo mumatsika m'makilomita osakwana 50. Msewu wa Mzuzu–Nkhata Bay anaukonza bwino, ndipo n'chifukwa chake anthu amathamangapo mpaka kupsereza mabuleki. Ma pads akakhala kuti atsala mamilimita atatu, sinthani. Brake fluid ngati yatha zaka ziwiri kapena yada ngati tiyi, achotse yonse athire yatsopano, DOT 3 kapena DOT 4 malinga ndi zomwe zalembedwa pa chivundikiro. Mafuta amenewa amayamwa chinyezi. Akatentha, madzi aja amawira n'kusanduka mpweya, ndipo mpweya umafinyika. Apo mpamene mumaponda buleki phazi n'kulowa mpaka pansi galimoto osaima.

Potsika musamangogwira buleki ndi phazi njira yonse. Chotsani giya pa D muike pa S kapena B, kapena L ngati ndi yomwe ilipo, injini izigwira galimoto. Izilira kwambiri, musaope, ndiyo ntchito yake. Buleki muziponda mwamphamvu pang'ono, liwiro likatsika n'kusiya kuti azizire. Mukamva fungo lopserera, imani pamalo oonekera kwa mphindi 20 kapena 30. Osathira madzi pa ma disc otentha, amapindika, ndipo ulendo wonse chiwongolero chizinjenjemera mukaponda buleki.

Za kuzizira kwa injini: aone ladiyeta, mapaipi ake awiri akuluakulu, chivundikiro, komanso ngati fani ikuzungulira injini ikatentha. Kuno ku Mzuzu kumazizira, galimoto yofooka fani imatha chaka osadziwika. Ikafika ku Salima kapena pokwera phiri pobwerera mpamene imaulula. Muvi ukakwera, zimitsani AC, yatsani hita mpaka kumapeto mawindo ali otsegula, mupeze poima. Chivundikiro cha ladiyeta musatsegule injini ili yotentha.

Probox_Katoto:
Madala mwaiwala matayala. Pa M5 chimapha ulendo ndi tayala, osati injini.

MakanikiLuwinga:
Sindinaiwale mphwanga, ndimamwa madzi. Pa tayala lililonse pali manambala anayi kumapeto kwa mzere woyamba ndi DOT. Mwachitsanzo 2319 ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2019. Likapitirira zaka zisanu ndi chimodzi, ngakhale mizere ikuoneka yakuya, labala wake wauma. Matayala ambiri a kaunjika ndi otero. Pitani ndi dzanja m'mbali mwake, kunja ndi mkati momwe. Mukapeza chotupa, limenelo latha, ulusi wa mkati unaduka pamene linamenya dzenje, ndipo pa phula lotentha liphulika. Mpweya tsatirani kapepala komwe kali pa chitseko cha dalaivala, kawirikawiri ndi cha m'ma 2.3 bar, ndipo muyeze m'mawa matayala asanatenthe.

Sipeya ya Sienta nthawi zambiri ndi kaja kakang'ono. Kameneko sikaloledwa kupitirira 80 pa ola ndipo n'kongokufikitsani kwa omata matayala. Ngati thumba likulola, gulani rimu ndi tayala la saizi yeniyeni muike m'buti, poti muli awiri malo alipo. Jeke ndi sipanala ya matayala muziyese pakhomo. Manati omangidwa ndi mashini a mpweya samasuka ndi kasipanala kobwera ndi galimoto, tengani paipi yachitsulo yotalika theka la mita yowonjezera mphamvu. Tenganinso kathabwa kochindikala koikapo jeke, chifukwa m'mbali mwa msewu ndi mchenga, jeke imangomira. Pampu yolumikiza ku batire, zomatira tubeless, chingwe chokokera, mawaya a jampa, tochi, oyilo lita imodzi, madzi malita asanu. Basi.

DalaivalaM5:
Ndiwonjezere za chigawo cha Dwambazi–Dwangwa–Nkhotakota–Benga. Vuto lake si maenje okha. Phula ndi lopapatiza ndipo m'mphepete mwake munadyeka, moti pakati pa phula ndi dothi pamakhala chiphompho chakuthwa. Mukakumana ndi lole, musatulutse matayala akumanzere muli pa liwiro. Chepetsani kaye mpaka 30 kapena 20, tsikani pang'onopang'ono, lole idutse, mubwerere mosakhotetsa mwadzidzidzi. Kubwerera pa phula mothamanga ndi komwe kumang'amba tayala m'mbali, ndipo kung'ambika kwa m'mbali sikumatika.

Milatho ina ndi yodutsa galimoto imodzi. Wofika poyamba ndiye amalowa. Ngati mukukayika, imani, muphethire magetsi kuti mnzanuyo adutse. Minibasi ndi ma Sienta onyamula anthu musalimbane nawo, alekeni apite. Pomwe akukonza msewu pamakhala njira zapambali zafumbi, pamenepo tsekani mawindo, yatsani magetsi, siyani mpata waukulu. Ku Dwangwa Julayi ndi nyengo yodula nzimbe, mathirakitala ndi malole a nzimbe amatulukira m'misewu ya m'minda, ndipo nzimbe zogwera pa phula zikapondedwa zimaterera. Mukaona nthambi zamasamba zitaikidwa pamsewu, dziwani kuti kutsogolo kwafera galimoto, mwina kuseri kwa kona.

Kondowole77:
Zonsezi n'zabwino koma palibe wanena za chakudya. Ku Nkhata Bay osadya kondowole ndi batala ndiye mwapitiranji?

Mayi_a_Zolozolo:
Kondowole masana kenako munthu agwire chiwongolero? Ameneyo ndi mankhwala a tulo. Adye madzulo atafika.

Kondowole77:
Amama musanyoze chakudya cha eni ake. Wogodomalitsa ndi wa chinangwa chosavuulidwa bwino. Wokonzedwa bwino amangokhutitsa.

MtongaWaKande:
Onse awiri mukunena zoona, koma a Kondowole, mlendo amene m'mimba mwake munazolowera mgaiwa ayambe ndi mtanda umodzi. Za nsomba: kwathu kuno funsani batala ndi usipa wauwisi, cha ku mtsinje wa Bua funsani mpasa, pa Chia ndi ku Salima ndi kumene muziyang'ana chambo. Pogula yauwisi tsegulani makha, akhale ofiira, maso owala, ndipo mukadina ndi chala mnofu ubwerere. Chizolowezi chomangirira nsomba pa galasi la pambali kuti iziwombedwa mphepo n'chothandiza ngati kwanu kuli pa ola limodzi. Ulendo wa maola anayi padzuwa la ku Nkhotakota, mukafika nayo itatupa mimba, fumbi lili thoo. Tengani cooler box, ayezi mugule ku Nkhata Bay, Dwangwa kapena Salima, nsombayo aitumbule pomwepo. Ndipo kasawala musagule. Chambo chikuchepa m'nyanjamu chifukwa cha kugwira tiana timeneti, ogula ndi amene amalimbikitsa.

Sienta_wa_Chibavi:
Yewo chomene nonse, ndikulemba. Nanga za mafuta?

Akawunti_Mapale:
Werengani malita, osati makwacha, chifukwa mtengo umasintha. Kupita ndi kubwera ndi makilomita pafupifupi 1,000. Onjezani 200 a zopatuka: Nkhata Bay boma, Senga Bay, Mua, misewu ya ku maloji. Sienta yabwinobwino pa msewu wotere, AC ili yoyaka, muiwerengere makilomita 12 pa lita, ngakhale pa msewu wosalala imaposa apo. Ndiye malita 100. Thanki yake ndi ya malita 42, kutanthauza kuti fulu thanki ya ku Mzuzu ikhoza kukufikitsani ku Salima, koma musayese. Lamulo likhale lakuti muvi ukafika pa theka, pomwe mwapeza mafuta mwetsani. Malo odalirika ndi Nkhata Bay, Dwangwa, Nkhotakota, Salima ndi Monkey Bay, koma kukakhala kusowa kwa mafuta madera a m'mbali mwa nyanja ndi amene amachedwa kulandira. Musananyamuke m'mawa funsani a pa loji kapena oyendetsa minibasi pa depoti, amadziwa komwe thankala yatsitsa usiku.

Ndalama zigaweni patatu: zina m'manja, zina ku Airtel Money kapena Mpamba, zina pa khadi. Makina a khadi amadalira netiweki, ndipo ma ejenti a m'midzi nthawi zambiri sakhala ndi ndalama zokwanira kutulutsa zambiri nthawi imodzi. Ku Cape Maclear mulowe muli ndi ndalama kale.

Probox_Katoto:
Kapena angotenga chigubu cha malita 20 m'buti, nkhani yatha.

MakanikiLuwinga:
Ayi. Sienta ilibe buti yotsekeka payokha, katundu ndi anthu mumapuma mpweya umodzi. Petulo m'chigubu cha pulasitiki cha mafuta ophikira, pa kutentha kwa ku nyanja, amatupa n'kumatulutsa mpweya. Mutu uyamba kupweteka musanafike Tukombo, osanena za moto. Komanso nthawi ya kusowa kwa mafuta a MERA amaletsa kugula m'zigubu popanda chilolezo.

Za mafuta a m'mabotolo a m'mbali mwa msewu, gulani pokhapokha zitavuta, ndipo malita ongokufikitsani pa pampu. Ena amasakaniza ndi palafini, injini imayamba kugogoda ndi kutaya mphamvu. Chinanso, petulo wathu amasakanizidwa ndi ethanol, wina amapangidwa ku Dwangwa komweko kuchokera ku zotsalira za nzimbe. Ethanol amakoka madzi. Petulo wokhalitsa m'botolo losatseka bwino amakhala ndi madzi pansi. Mukagula, liyang'aneni botolo padzuwa. Mukaona mizere iwiri yosiyana mtundu, lisiyeni. Pothira sefani ndi kansalu koyera.

Trafiki_Wopuma:
Mapepala: laisensi, COF (chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu) ndi inshuwalansi, onani masiku ake lero lomwe, osati pa rodibuloko. Ma triangle awiri ndi chozimitsira moto zikhale pofikirika, osati pansi pa masutikesi. Ngati mayi nawonso aziyendetsa, laisensi yawo ikhale m'chikwama, ndipo ngati inshuwalansi yanu ndi comprehensive funsani ngati ikuvomereza dalaivala wachiwiri, chifukwa mapepala ena amatchula maina a oyendetsa. M'ma trading centre liwiro ndi 50, ndipo makamera amakonda kuima pomwe chikwangwani changoyamba kumene kapena pomwe nyumba zayamba kutha koma chikwangwani chomasula simunachifike. Mukalakwa lipirani, mulandire lisiti ya boma. Lamba onse awiri.

Ziphaso za unzika musasiye. Ku Lake Malawi National Park ndi ku Nkhotakota Wildlife Reserve mtengo wolowera wa Mmalawi ndi wotsika kuposa wa mlendo wakunja, koma pa geti amafuna umboni.

Mphunzitsi_Katawa:
Popeza ulendowu ndi wa anthu awiri osathamangira maliro kapena ukwati, pali malo oyenera kuzimitsa injini. Chodabwitsa n'chakuti mukhala mukuyenda chobwerera m'mbuyo m'mbiri ya mishoni ya Livingstonia. Inayambira ku Cape Maclear mu 1875, malungo atavuta inasamukira ku Bandawe mu 1881, kenako ku Khondowe, komwe lero timati Livingstonia, mu 1894. Tchalitchi chakale cha Bandawe ndi manda a amishoni zili pang'ono kumwera kwa Chintheche, ndipo manda ena ali ku Cape Maclear komwe mukupitako, cha ku Otter Point.

Ku Nkhotakota kuli mtengo womwe David Livingstone anakumanirana ndi Jumbe mu 1863 pa nkhani ya malonda a akapolo. Nkhalango ya Nkhotakota ili m'manja mwa African Parks kuyambira 2015, ndipo mu 2016 ndi 2017 anasamutsirako njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete. Koma misewu ya mkati mwake si ya Sienta, funsani za galimoto ya komweko kapena kuyenda pansi ndi mlonda.

Pomwe ndingakakamize ndi pa Mua. Mukadutsa Chipoka, musanafike pokhotera ku Monkey Bay, pali msewu waufupi wokwera ku mishoni yomwe ansembe a White Fathers anatsegula mu 1902. Kumeneko kuli Kungoni, malo omwe Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, ndipo m'nyumba yake yosungira zachikhalidwe muli zigoba za gule wamkulu mazanamazana, pamodzi ndi mbiri ya Achewa, Angoni ndi Ayawo. Pamafunika maola awiri. Mukanyamuka ku Senga Bay 7 koloko, nthawi ikukwanirani bwinobwino.

Gorodi_20:
Aphunzitsi, mwatsimikiza nokha kuti mathero a nkhaniyo ali ku Khondowe. Kumpoto basi.

Mphunzitsi_Katawa:
Kumeneko ndi kufupi ndi kwawo, akhoza kupita Loweruka lililonse.

Namwino_Msongwe:
Ndiloleni ndilowetse za umoyo, chifukwa anthu a kuno kozizira amabwerera kuchokera ku nyanja ndi matenda awiri.

Malungo: Nkhata Bay, Nkhotakota, Salima ndi Mangochi ndi maboma a udzudzu wambiri, ngakhale m'nyengo yozizira. Tengani neti yanuyanu ndi kachingwe, chifukwa za m'malo ogona ena zimakhala zobooka. Madzulo malaya a manja aatali ndi mafuta othamangitsa udzudzu. Malungo saonekera tsiku lomwelo, amatenga masiku 7 kapena kuposerapo, kawirikawiri mumakhala mutabwerera kale ku Mzuzu. Thupi likatentha m'mwezi wotsatira, kayezetseni magazi tsiku lomwelo ndipo munene kuti munali ku nyanja. LA musamwe mongoganizira. Ngati mayi ali oyembekezera, ayambe aonana ndi a sikelo musananyamuke.

Likodzo: tizilombo take timachokera mu nkhono za m'madzi osaya, odekha, a mabango ndi udzu, makamaka pomwe anthu amachapa ndi kusamba. Gombe la mudzi wa Chembe ku Cape Maclear limadziwika ndi vutoli. Tizilomboti timalowa pakhungu, simufunika kumwa madziwo. Malo amiyala, akuya, omenya mafunde ngati kuzilumba, chiopsezo chimachepa koma sichitheratu. Mankhwala ake ndi praziquantel, mlingo wake mamiligalamu 40 pa kilogalamu iliyonse ya thupi. Mbulu umodzi ndi mamiligalamu 600, ndiye munthu wa makilogalamu 60 amamwa inayi, atadya kaye. Cholakwika chomwe ambiri amachita ndi kumwa tsiku lomwe abwera. Mankhwalawa amapha nyongolotsi zokhwima, osati zazing'ono. Dikirani masabata 6 mpaka 8 kuchokera tsiku lomaliza kulowa m'madzi, mupite ku chipatala akakupimeni sikelo. Osadikira mpaka kukodza magazi.

MtongaWaKande:
Ndiwonjezere pa a Namwino. Osasamba pa mathiriro a mitsinje, monga Luweya, Dwangwa, Bua kapena Linthipe, ngakhale pa Chia. Ng'ona ndi mvuu zimakonda pamenepo. Osasambanso m'bandakucha kapena chisisira. Funsani asodzi a pamalopo, ndipo pomwe ana a m'mudzi sakusambapo, inunso ayi.

Chinanso, Julayi ndi mwezi wa mwera. Mphepo imeneyi imachokera kumwera chakum'mawa, imatha kuwomba masiku angapo osaleka, ndipo magombe a Chintheche, Kande ndi Senga Bay amakhala ndi mafunde aakulu. Boti la ku chilumba cha Thumbi kukaona nsomba za mbuna mukwere m'mawa, majekete oyandamitsa muvale musanakwere, osati kungowaona ali pansi pa mpando. Mwini boti akanena kuti lero nyanja yakwiya, musamuwonjezere ndalama kuti asinthe maganizo.

Mayi_a_Zolozolo:
Ine ndilankhule za anthu awiriwo, poti zitsulo mwazitha. Musinthane chiwongolero maola awiri aliwonse ngati nonse mumayendetsa, koma chigawo cha Dwangwa agwire amene ali wozolowera. Amene wakhala pambali ntchito yake ndi foni, mapu, madzi ndi kuyang'ana mbuzi. Mapu a Google muwatsitsiretu pa foni muli kuno, netiweki imaduka m'malo ena, ndipo mukhale ndi layini ya TNM ndi ya Airtel. Koma mapu akakuuzani njira yachidule yafumbi, funsani munthu kaye.

Malo ogona imbani foni kutatsala masiku, mufunse zinthu zinayi: kuimika galimoto mkati mwa mpanda, neti, madzi otentha, ndi zomwe amachita magetsi akazima. Funsaninso ngati gombe lilipo. M'chaka cha 2024 nyanja inakwera kwambiri, mchenga wa maloji ambiri unamira, ndiye zithunzi za pa Facebook zikhoza kukhala zakale. Sabata ya 6 Julayi malo amadzaza msanga. Majuzi musasiye poganiza kuti ku nyanja n'kotentha, mwera ukawomba usiku kumazizira. Ndipo asisi, chitenje chikhale pafupi. Zovala za pa gombe zithere pa gombe, mukalowa m'mudzi kapena mumsika mangani.

Dzuwa_Lituluka:
Kanthu kakang'ono koma kothandiza posankha zipinda. Kuchoka Nkhata Bay mpaka Senga Bay gombe limayang'ana kum'mawa, ndiye chokongola ndi kutuluka kwa dzuwa, cha m'ma 6 koloko. Kulowa kwake kumachitikira kuseri kwa mapiri, simuona kanthu. Ku Cape Maclear gombe linatembenukira kumpoto chakumadzulo, dzuwa limalowera m'madzi cha ku zilumba. Choncho masiku oyamba gonani msanga mudzuke m'mamawa, ku Cape mufike nthawi yabwino musanaphonye madzulo oyamba. Mukaona ngati utsi wakuda ukufuka pakati pa nyanja cha ku Nkhata Bay, si moto, ndi nkhungu, tizilombo touluka totuluka m'nyanja.

Probox_Katoto:
Nanga mchenga? Misewu yolowera ku magombe ambiri ndi mchenga wokhawokha, Sienta imakoka ndi matayala akutsogolo.

MakanikiLuwinga:
Funso labwino. Mukafika pa mchenga wakuya, tsikani muuyende kaye ndi mapazi. Ngati ndi wautali, phwetsani matayala mpaka 1.5 bar kuti aphwanthalale, dutsani ndi liwiro limodzi losasintha, osaima pakati, osakhotetsa kwambiri. Ikatitimira, chotsani phazi pa moto nthawi yomweyo. Kupondereza kumangokumba dzenje mpaka mimba ya galimoto ikhale pansi, komanso giya bokosi ya otomatiki ya Sienta, ija amati CVT, imatentha msanga, ndipo imeneyo ndi ndalama zambiri. Fukulani mchenga kutsogolo kwa matayala, ikani mamati a m'galimoto kapena nthambi, wina akankhe, mutuluke pang'onopang'ono, mwina chobwerera m'mbuyo momwe munalowera. Mukafika pa phula pomperani pomwepo. Tayala lophwa pa phula limatentha n'kuonongeka m'makilomita ochepa. Pokoka, chingwe amange pa ndowe yake yokokera, ija yopotera pa bampala yomwe imakhala pamodzi ndi jeke, osati pa zitsulo za mawilo.

Sienta_wa_Chibavi:
Zamveka madala. Funso lomaliza: pobwerera tidzere momwemo kapena tikwere ku M1?

Akawunti_Mapale:
M1. Kuchoka Monkey Bay kufika Golomoti, kukwera Khwekhwelere kutulukira cha ku Dedza, Lilongwe, Kasungu, Jenda, Chikangawa, Mzuzu. Mtunda ndi wotalikirapo, koma mafuta, magalaja ndi zipatala zili pafupipafupi, ndipo muona dziko lina m'malo mobwereza maenje omwewo.

DalaivalaM5:
Apa nditsutse pang'ono. Njira imeneyo imapitirira makilomita 550, Lilongwe–Mzuzu yokha ndi cha m'ma 360. Mukati muithe tsiku limodzi, kudutsa mu Lilongwe kukudyerani ola, ndipo Chikangawa mufika kukuda. Mu Julayi nkhungu ya pa Chikangawa imatseka msewu moti simuona mamita 20 kutsogolo, malole a matabwa ali momwemo. Ngati ndi M1, gonani ku Dedza, Lilongwe kapena Kasungu. Ngati ndi M5, gonani ku Nkhotakota kapena Ngala, mawa lake mukwere phiri la Nkhata Bay dzuwa lili pamutu. Njira zonse ziwiri ndi za masiku awiri, musanamizane.

Akawunti_Mapale:
Za masiku awiri ndavomera. Koma M1 ndiimabe nayo, bola agone ku Kasungu, anyamuke 8 koloko kuti nkhungu ya m'mawa ikhale itayera pofika pa Chikangawa.

MakanikiLuwinga:
Mukasankha Khwekhwelere, kwerani m'mawa kusanatenthe, AC yozima, giya pa S, diso pa muvi wa kutentha. Musananyamuke ku Cape Maclear, injini ili yozizira, onani oyilo, madzi a mu ladiyeta ndi mpweya wa matayala onse asanu, ndipo air filter muichotse muigogode, fumbi la m'njira zapambali limakhala litadzazamo.